Chala chimene ndinachimanga nsanza

Amai, abambo, ndi inu anyamata mwakhala kumbuyoko, mtendere wa Ambuye ukhale nanu. Mundilole ndilankhule nditakhala pansi. Mawondo sagwiranso, komanso nkhani yangayi si yoti munthu ainene ataimirira ngati wapambana kanthu.

Ine ndine Amake Misozi wa ku Kabwata konkuno. Ndinabadwira ku Katete, ndinabwera ku Lusaka ndili mtsikana, kutsatira amuna anga amene ankagwira ntchito ku njanji. Sukulu sindinaipondepo. Andiuza kuti ambiri mwabwera kuno chifukwa cha njuga, ena ya pafoni, ena ya makina aja ali m'mashopu. Mukandiona ndi duku ndi kolona m'khosi mukuti ambuyawa asochera chitseko. Sindinasochere. Ndine mnzanu, ndipo pamene ndinafika ine ambiri a inu simunafikepo.

Amuna anga atamwalira, nyumba inandikulira. Mwana wanga Misozi anali ku Chelstone ndi banja lake. Kuseri kwa msika kunali mayi wina wogulitsa salaula, zovala zakale zija za kaunjika, Bana Chanda, amene masana ankayala thumba pansi kuseri kwa kantemba kake kogulitsiramo, azimayi n'kumasewera makhadi. Poyamba ndinkangoonera. Kenaka ndinalowa nawo, tikubetcha mtedza chabe. Mtedza unasanduka makobidi, makobidi anasanduka mapepala.

Masewera ake ndi otere. Aliyense amalandira makhadi atatu n'kuwabisa pachifuwa. Mumaponya ndalama pakati, mnzako akaonjezera nawenso uonjezere. Ukaopa, kapena zikakuthera, umataya makhadi ako, ndipo zonse unaponya zapita ngakhale utagwira makhadi abwino bwanji. Mukatsala awiri, mmodzi amati, "Onetsa!" Adzukulu anga amati pafoni amawatcha poka. Ife tinkangoti atatu-atatu.

Zilembo sindizidziwa, koma zithunzi ndi madontho ndinazigwira msanga. Ndinapezanso kuti ndili ndi nkhope yabwino pa njuga, nkhope ya mayi wopemphera. Nditagwira zinyalala zokhazokha ndinkatha kukhala phee, n'kuusa moyo ngati ndikuwamvera chisoni anzanga, iwo n'kutaya makhadi abwino chifukwa cha mantha. Bana Chanda ankaomba m'manja. "Imwe ba mbuya muzatisiliza! Nkope monga ba sisita, mutima monga kawalala!" Kawalala ndiye mbala, koma ine ndinkaona ngati akunditama.

Kutsika kwake sikuchedwa, inu mukudziwa. Lendi ya chipinda chakuseri inapita. Makina osokera anapita. Suti ya malemu amuna anga, imene ndinalonjeza mdzukulu wanga. Mapoto aakulu aja ndinkabwereketsa pamaliro. Misozi akabwera ndi unga wa nsima ndi mafuta, ndinkadikira minibasi yake ikhote, ine n'kunyamula mafutawo, ulendo wa kuseri kwa msika. Lamlungu ndinkakhala kutsogolo n'kuimba ndi mawu onse.

Tsono mumvetse za chitini. Mzere wa nyumba zathu umalowa madzi mvula ikagwa, poti ngalande inatsekeka kalekale. Yanga yokha ndiyo ili pokwera pang'ono. Chaka china madzi atanyowetsa mapepala a anthu, azimayi a mumphakati mwathu, amene timapemphera limodzi mkati mwa sabata, anagwirizana kuti mareji, zitupa zaumzika zija, ndi ziphaso zovotera azisungitsa kwa ine. Amene anayambitsa ndi Amai Zulu, wamkulu kuposa tonse, amene anakolopa kuchipatala mpaka kupuma ntchito. Anati, "Kwa Amake Misozi sikulowa madzi, sikulowanso mbala." Poti ambiri sitiwerenga, aliyense anakulunga zake mu kapulasitiki n'kumangapo ulusi wa mtundu wake. Ndinaziika m'chitini cha mabisiketi, pamwamba pa kabati.

Chinafika chaka cha masankho. Ife a mzere wathu tinali ndi munthu wathu pa ukhansala, mphunzitsi wopuma, amene nayenso madzi ankamulowera m'nyumba. Sitinabise ayi. Tinkamuimbira pamsika, akabwera tinkavina mpaka fumbi koboo. Kabwata yense ankadziwa kumene mavoti athu apita. Pa thumba la Bana Chanda sindikanachita chibwana chotero, kuika makhadi anga poyera masewera asanathe. Koma pa voti ndinkavina nawo, ndipo ena ankatiwerenga tikuvina.

Wopikisana naye anali munthu wa ndalama wa ku Kabulonga, amene tinkangomuona pa zitenje. Womuyendera kwathu anali mwamuna wina wa chipewa chachikopa, aliyense ankangomuti ba Cheyamani. Tsiku lina anatulukira kuseri kwa kantemba, anakoka kreti, nakhala.

"Shani ba mayo! Ningangenemo?"

Ankasewera ngati mwana. Ndinamudya tsiku limenelo, mawa lake ndinamudyanso, mpaka ndinaombola mapoto anga. Iye kumangoseka. "Ah, ba mbuya aba ni moto!" Ine mumtima ndinkati Mulungu wandikumbukira.

Anyamata inu, mvereni ambuya anu apa. Munthu wanzeru zake akabwera kudzaluza kwa iwe akuseka, sakuluza ayi. Akukugula pang'onopang'ono. Ndi mmenenso zilili ndi shuga ndi zitenje za kampeni. Palibe amene amaponya pakati kanthu kamene sakuyembekezera kukatenganso ndi zako zomwe. Ine ndinkazidziwa zimenezi, ndinali nditawachitapo anzanga. Koma ukamadya sukumbuka.

Kutatsala masiku ochepa kuti tivote, Bana Chanda anagawa. Ndinasuzumira pachifuwa: mafumu atatu. Zaka zonsezo ndinali ndisanawagwirepo. Ena anataya, tinatsala awiri, ine ndi ba Cheyamani. Iye aonjezera, ine ndionjezera, mpaka zanga zonse zinali pakati, ndi ndolo zomwe, ndi foni imene anandigulira Misozi. Iye anaponyanso. Ine choponya ndinalibe.

"Bana Chanda, ndibwerekeni."

Anayang'ana kumbali.

"Basi ba mbuya, tayani chabe," anatero ba Cheyamani. Anakanda chibwano, kenaka anatsitsa mawu. "Koma nimvela muli na kachitini kunyumba. Ka mapepa chabe. Kaleteni, tizakapenda monga ndalama. Mukawina, kachitini ni kanu, na zonse izi."

Ndikanakonda ndikuuzeni kuti ndinazengereza. Sindinazengereze. Ndinatsindira makhadi anga ndi mwala n'kuthamanga, nkhalamba yonseyi, chitenje ndili nacho m'manja. Panjira ndinakumana ndi Amai Zulu akuchokera kogula malasha.

"Iwe, kwagwanji?"

"Ndasiya nyemba pamoto, amai."

"Thamanga mwanawe, zingapserere."

Pobwerera ndinkadziuza kuti sindikugulitsa kanthu, ndikungokachionetsa, chibweranso pakabati pasanade. Mafumu atatu! Ndinachiika pakati. "Onetsani!" Iye anatembenuza imodziimodzi, mosafulumira. Maesi atatu, okhawo amene amaposa mafumu. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira kuti Bana Chanda, amene ankagawa akulongolola nthawi zonse, tsikulo anagawa ali duu.

Ba Cheyamani anatsegula chitini. Anafunsa ulusi wanga, ndinaloza, anandiponyera kapulasitiki kanga. "Yanu tengani. Siku ija muende kuseni-seni, muchonge muntu watu. Mukabwela munilangize chala, nizakupasani yoyambila." Ndinalandira ndi manja awiri. Ndinapinda ndi bondo lomwe.

Tsiku lovota kunali mphepo ija ya mu Ogasiti. Azimayi tinapangana kuti akamaliza zam'mawa adzatenge ziphaso kwanga, tipitire limodzi kusukulu kumene timavotera. Ine ndinalawira, nditadziphimba shawelo mpaka m'maso. M'kachipinda muja munalibe ba Cheyamani, munalibe aliyense. Ndikanachonga mphunzitsi wathu, palibe akanadziwa. Ndinachonga wa ku Kabulonga. Mpaka lero ndikadzifunsa chifukwa chake, ndimangopeza chimodzi: maganizo anga onse anali pa ndalama yoyambira ija.

Anandipaka inki pachikhadabo cha chala chachikulu. Nditafika kunyumba ndinachikwecha ndi sopo, ndi mchenga, ndi palafini, ndi ndimu. Inki ija sichoka. Ndinang'amba nsanza n'kuchimanga. Kenaka ndinagwetsa zovala m'kabati, ndinathyola loko wa zenera lakuseri, n'kukhala pansi kudikira.

Anabwera akuimba, atavala zitenje zawo zabwino, ena atanyamula timipando topumirapo pamzere. Kutsogolo kunali aNabanda, mnansi wanga wapakamwa polasa. Ndinavala nkhope yanga ija ya pa njuga. Ndinagwira kumutu n'kulira.

"Andibera ine! Chitini chapita!"

Abale, anakhulupirira. Onse. ANabanda anatukwana mbalazo mpaka azigogo awo. Wina anayamba kupinda zovala zanga, wina anayatsa mbaula kuti andiphikire tiyi. Anthu amene ndinawabera ankandisisita pamsana. Pa masewera onse amene ndinasewerapo, awa ndiwo ndinawasewera bwino koposa.

Amai Zulu anakhala pakhonde, kampando kawo kali pamiyendo. Anati, "Kuyambira pamene dziko linalandira ufulu sindinaphonyepo. Ngakhale chaka chija ndinali ndi mwana wakhanda ndinapita." Kenaka maso awo anagwa padzanja langa.

"Chala chatani?"

"Ndadzicheka ndi chitsulo cha pazenera, amai."

"Ndiye wamanga ndi nsanza yakudayo? Ufuna chivunde? Nabanda, madzi amchere."

"Iyayi amai, n'pang'ono pokha."

"Pang'ono? Ine kuchipatala ndaona miyendo ikudulidwa chifukwa cha pang'ono. Bwera nacho kuno."

Ndinabisa dzanja kumbuyo. Anzanga anaseka, amvekere taonani nkhalamba kuopa mchere ngati mwana. ANabanda anandigwira mkono mwachikondi n'kuupereka. Amai Zulu anaika dzanja langa pabondo pawo, n'kuyamba kumasula. Anamasula mosamala, kuopa kundipweteka. Nsanza inatha. Panalibe magazi. Panalibe bala. Panali chikhadabo chakuda bii ndi inki.

Ketulo inkalira pambaula. Palibe anaichotsa.

Amai Zulu anachiyang'ana nthawi yaitali. Kenaka anati, osakweza mawu, "Mnzathu wavota."

ANabanda ndiwo anaphulika. "Mfiti iwe! Tiyi wathu umati umwe ndithu? Chitini chili kuti? Tiyeni naye kupolisi!" Ndinanena zonse, za makhadi, za ba Cheyamani, ndikuyang'ana simenti. Ena anatuluka. Mmodzi, amene anali kupinda zovala zanga, anamaliza kupinda imene inali m'manja mwake, anaiika bwinobwino, natuluka.

"Apolisi atibwezera lero?" anatero Amai Zulu. Anatola nsanza ija n'kundimanganso chala, mwaukhondo, mmene amamangira kuchipatala. "Bisa ndithu." Ananyamula kampando kawo, napita.

Mukuganiza kuti apa m'pamene ndinatembenuka. Ayi. Mverani manyazi anga enieni. Masana a tsiku lomwelo ndinadzuka pansi paja, ndinasamba m'maso, n'kuuyamba wokafuna ba Cheyamani kuti ndikamuonetse chala. Ndinkati ndikalandira yoyambira ija ndidzawina, ndiombole chitini, zonse zikhala bwino. Inu a njuga mukuwadziwa mawu amenewo. Amalankhula ngati nzeru.

Njira yake inkadutsa pasukulu paja. Mzere unali wautali, kukhota ndi mpanda. Pambali pa geti, kunja, panali Amai Zulu pakampando kawo, ndi chitenje chawo chabwino chija, mphepo ikuwamwaza fumbi. Aliyense wotuluka ankamufunsa, "Mwavota bwino, mwanangu? Mkatimo zikuyenda?" Anthu ankawaonetsa chala, iwo n'kugwedeza mutu, kumwetulira.

Ndinaima pomwepo. Sindinamve mawu ochokera kumwamba, sindinaone kuwala. Ndinangoona mayi wokalamba atakhala kunja kwa geti chifukwa cha ine. Pa njuga ukaluza umaona ndalama zikupita m'thumba la wina, sumuona munthu amene wamulanda. Tsikulo ndinamuona. Ndinapita n'kukhala pa dothi pambali pawo. Sanandiyang'ane.

"Sunthira uko, ukunditchingira dzuwa."

Ndinasuntha. Tinakhala choncho mpaka anatseka geti.

Anapambana wa ku Kabulonga. Sindidziwa ngati chitini chathu chikanasintha kanthu, ndipo musanditonthoze nazo. Voti inali yawo, kaya ikanawina kaya ikanaluza. Ba Cheyamani sanaonekenso, ziphaso sizinapezeke. Mvula itabwera, madzi analowanso m'nyumba za anzanga, yanga ili youma. Ndinkawaona akutunga ndi zidebe. Ndinkatseka katani.

Kubwerera kwake kunali kotere, ndipo sikunali kokoma. Ndinaima pamaso pa mphakati wonse n'kunena ndekha, osasiyako. Ndinauzanso Misozi, ndi za mafuta zomwe. Mwana wanga analira ngati ndafa. Kuyambira pamenepo lendi amalandira ndi iye, ine amandigulira zinthu, ndalama m'manja mwanga simugona. Zimapweteka mayi kupempha ya sopo kwa mwana amene unamubereka, koma ndikukuuzani, perekani thumba lanu kwa wina. Njira ya kumsika ndinaisiya, ndiwo ndimagula ku Chilenje ngakhale kuli kutali.

Kenaka mapepala a anthu. Kupezanso reji si masewera, mizere yake ya m'tauni mukuidziwa. Ndinauza azimayi kuti mzere ndidzaima ndine, iwo azibwera ukayandikira. Ndinatero mmodzimmodzi, mareji, kenaka ziphaso pamene kalembera anatsegulidwa. Ena ankabwera, kulowa pamalo panga, osandipatsa moni. ANabanda anandiuza pamzere pomwepo, "Usaganize kuti walipira." Sindinaganize.

Ndinagwanso kamodzi, ndisakunamizeni. Ndinapita kumaliro ku Woodlands, wina anandipatsa ya minibasi, miyendo inandifikitsa yokha kwa Bana Chanda. Ndinaluza, ndinayenda wapansi. Koma ulendo uno ndinakanena tsiku lomwelo. Ndinaona kuti nthawi yanga yoopsa ndi masana, manja akayamba kuyabwa. Tsono masana ndinayamba kupita kwa Amai Zulu, amene maso anali atayamba kuchita ng'ala. Ndinkawasankhira nyemba, kuwachapira, kuwasesera. Sanandithamangitse, sanandiuzenso kuti andikhululukira. Ankangoti, "Wabwera? Tsache lili kuseri kwa chitseko."

Masankho akubweranso, ndipo kunja kuno kuli a Cheyamani ambiri amene amadziwa kuti munthu wa njuga ndi wotchipa. Musaonetse makhadi anu, amene mwamusankha adziwike ndi inu nokha. Akamalankhula pamsonkhano musayang'ane pakamwa, ine ndinadya anthu ambiri ndi nkhope yabwino ndilibe kanthu m'manja. Yang'anani zimene anachita pamene sankafuna kanthu kwa inu. Ndipo chinthu cha mwini musachiike pakati. Ngakhale voti yanuyo si yanu nokha, ilinso ndi anzanu amene madzi amawalowera.

Ndimalize ndi ichi. Masankho otsatira aja atafika, Amai Zulu anali asakuonanso. Wosaona amaloledwa kulowa ndi munthu mmodzi amene wamusankha yekha, woti amuchongere. M'mawa mwake tonse tili pakhomo pawo, aNabanda anati, "Tiyeni amai, ndikugwireni."

"Ayi. Andigwire Amake Misozi."

"Ameneyu? Mwaiwala?"

"Maso ndiwo anatha, Nabanda, mutu ulipo. Ali nayo ngongole yanga ya voti imodzi. Akaibweze yekha."

Ndinawagwira dzanja mpaka m'kachipinda. Ndinawauza zithunzi zonse zili papepala, chimodzichimodzi. Anandikokera khutu n'kunong'oneza. Abale, munthu amene anamutchula ine sindimufuna n'komwe, ndimamuona ngati wopanda pake. Cholembera chili m'manja mwanga. Iwo saona. Palibe woti anene kuti onetsa. Ndinachonga pamene ananena. Ndinapinda pepala, ndinaika dzanja lawo pakamwa pa bokosi, anaponya okha.

Amene anamusankha musandifunse. ANabanda andifunsa mpaka atopa.

Titatuluka pageti anaima. Sanafunse ngati ndachonga bwino. Anakweza chala chawo chachikulu pafupi ndi nkhope yanga.

"Inki yagwira?"

"Yagwira, amai."

"Ikuoneka bwino?"

"Ikuoneka."

"Ndiye tisadzere yachidule. Tidzere kumsika, anthu aone. Ndipo uziyenda pang'onopang'ono."

Tinadzera kumsika, iwo chala chili m'mwamba, ine ndikuwauza pamene pali mwala.